Kulumikiza Dikoda ku Wailesi Yaikulu Kuti Masipika Onse Awiri Alankhule

Bambo wina wa ku Nchalo wandilembera pa imelo kuti ali ndi dikoda ya Kiliye Kiliye komanso wailesi yaikulu ya masipika awiri, ndipo akufuna kuti mawu a pa kanema azimvekera m'masipikawo. Akuti atalumikiza, mawu akungotuluka mbali imodzi, akusasa, ndiponso pansi pake pakumveka kulira ngati kwa njuchi.

Bambo, tembenuzani dikodayo muone kumbuyo kwake. Madikoda ambiri ali ndi timabowo titatu: kachikasu ndi ka chithunzi chokha, koyera kamanyamula mawu a kumanzere, ndipo kofiira kamanyamula a kumanja. Mufunika chingwe cha RCA, chimene ambiri amangochitcha cha AV, ndipo mapulagi ake ofiira ndi oyera achoke pa dikoda n'kukalowa pa wailesi pamene palembedwa AUX kapena LINE IN. Chithunzi chipite ku TV monga mwa nthawi zonse, koma mawu a TV muwatsitsiretu kuti asamapikisane ndi masipika.

Za kusasako, ndikukayikira kuti munalowetsa chingwe pamene palembedwa PHONO, chifukwa mabowo ake amafanana ndendende ndi a AUX. Khomo limenelo analipangira singano yoimbira mbale za galamafoni, imene mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, mamilivoti owerengeka chabe, choncho wailesi imaikulitsa kwambiri isanafike ku masipika. Dikoda imatulutsa mphamvu yoposa pamenepo kutalitali, ndiye ikalowera pa PHONO mawu amaphwanyika ngakhale mutatsitsa voliyumu.

Nkhani ya sipika imodziyo musathamangire nayo kwa okonza mawailesi. Yambani mwaona ngati kabatani ka BALANCE kali pakati, kenako musinthanitse pulagi yofiira ndi yoyera kumbuyo kwa wailesi. Sipika imene inali chete ikayamba kulankhula inzake n'kukhala duu, wailesi ilibe mlandu, ndipo kawirikawiri vuto limakhala chingwe choduka m'kati pafupi ndi pulagi. Ikakhalabe chete yomweyo, fufuzani mawaya ake kumbuyo. Mukatero mulowe pa menyu ya dikoda, pa mbali ya Audio, musankhe Stereo, chifukwa pa Left, Right kapena Mono masipika onse awiri amangonena chimodzimodzi. Dziwaninso kuti mapulogalamu ena amaulutsidwa ndi mawu a njira imodzi, choncho muyesere pa tchanelo cha nyimbo.

Kulira kwa njuchiko kumachokera ku magetsi athu a m'nyumba, amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi iliyonse (50 Hz). Lumikizani TV, dikoda ndi wailesi pa ekisitenshoni imodzi, ndipo chingwe cha mawu chisapotane ndi mawaya a magetsi.

Chomwe simunafunse ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Ine wailesi yanga inazima yokha mpira uli m'kati, masana ena m'nyumba ya malata, chifukwa ndinasanjika dikoda pamwamba pake, pa kansalu koluka kamene mayi a kunyumba anayalapo kuti fumbi lisalowe. Nditaigwira inali yotentha ngati chiwaya. Timabowo ta pamwambapo ndi potulukira mpweya wotentha, choncho dikoda ikhale pambali, wailesi italikirane ndi khoma pafupifupi chikhatho chimodzi, ndipo kansaluko muziyala pokhapokha mwazimitsa.