Kwa amene mwangofika ku UK ndipo mukufuna ganyu ya mu pub

Mwana wa achemwali anga wabwera kudzaphunzira kuno ku Sheffield, ndipo dzana amandifunsa ngati angayambe ganyu pa pub (bala) ina ya mowa wa mumgolo wotchedwa real ale. Sabata yomweyi ndamva za mnyamata wina wa kwathu, mumzinda wina, amene anagwira usiku utatu wathunthu kenako anamuuza kuti inali trial chabe, kungomuyesa ntchito, palibe malipiro. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, nonse mumve, chifukwa ndatopa kubwereza pa WhatsApp.

Ntchitoyo payokha ndi yabwino. Sheffield ndi mzinda wa mowa, makamaka dera la Kelham Island, komwe Kelham Island Tavern inapambana ngati pub yabwino koposa m'dziko lonse mu 2008 ndi 2009 pa mpikisano wa CAMRA, bungwe la anthu okonda real ale. Makasitomala a malo otere ndi achikulire odekha, ndewu ndi zosowa. Zabwinozo mukaziona nokha. Ine ndinena zimene zimapweteka.

Choyamba, trial. Akakuitanani kuti akuoneni mmene mumagwirira, funsani musanavale epuloni: maola angati, ndipo mulipira kapena ayi? Ola limodzi kapena awiri akukuyang'anani n'zomveka. Koma Lachisanu usiku wonse, muli nokha pa kauntala, mukutsuka matambula mpaka kutseka, imeneyo ndi ntchito ndipo iyenera kulipidwa. Mu April 2025 boma linaika kuti wa zaka 21 kupita m'mwamba asalandire zochepera £12.21 pa ola, ndipo ndalamayi imasintha April aliyense, choncho muziyang'ana pa gov.uk. Akakana, imbani ku ACAS, bungwe lothandiza pa mikangano ya pa ntchito, malangizo awo ndi aulere. Ife timachita manyazi kufunsa za ndalama pa tsiku loyamba, ati tingaoneke adyera. Manyazi amenewo ndi amene amachititsa kuti atidyere masuku pamutu.

Chachiwiri ndi maola. Ngati muli pa viza ya sukulu ndipo mukuchita digiri, malire ndi maola 20 pa sabata nthawi ya maphunziro, kuphatikiza ntchito zonse zimene muli nazo, osati 20 kuno 20 uko. Bwana adzakunyengererani, "tangotsalani, ena sanabwere, ndikupatsani m'manja." Musalole. Ya m'manja ilibe payslip, ndipo tsiku limene adzakane kulipira mudzasowa kokadandaula chifukwa inunso mwaphwanya lamulo. Iye akudziwa zimenezo. Muzilemba m'foni nthawi yolowa ndi yotuluka tsiku lililonse, ndipo rota, ndandanda ya mashifiti, muziijambula isanasinthidwe.

Ndipo nditadutsa pomwepa: aliyense amene akukuuzani, kaya ali ku Lilongwe kaya kuno, kuti mumupatse ndalama akupezereni sponsorship, kutanthauza bwana wokuimirirani pa viza, ya ntchito yothira mowa, ameneyo ndi wakuba. Ntchito imeneyi siili pa mndandanda wa ntchito zopezera viza ya Skilled Worker. Uzani abale kumudzi asagulitse malo.

Tsopano mowawo. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amachotsedwera ntchito. Iwalani za kutsegula botolo la Green n'kupereka. Real ale ndi mowa wamoyo, uli ngati masese, umapitiriza kuwira mumgolo momwemo. Mgolo wofala amautcha firkin, umalowa mapainti 72, pafupifupi malita 41, ndipo ndi wolemera, musadzionetse mphamvu pa masitepe a cellar, chipinda chapansi chosungiramo migolo. Ukafika amaugoneka kuti nsenga zikhazikike pansi, amaubowola kuti mpweya utuluke, ndipo cellar imasungidwa pa madigiri 11 mpaka 13. Mukaugunda kapena kuusuntha mukusesa, mowa wonse uchita matope ndipo sugulitsidwa tsiku limenelo. Ukatsegulidwa umakhala bwino masiku atatu kapena kupitirira pang'ono, kenako umayamba kununkha viniga. Kasitomala akabweza tambula kuti mowa wasasa, musatsutsane naye, musanene kuti ndi mmene umakhalira. Nunkhizani, itanani bwana, mpatseni wina. Ambiri mwa madalawa ndi mamembala a CAMRA, bungwe limene linayamba mu 1971, ndipo amapereka mamaki pa mowa wa pub iliyonse. Mwini malo amawaopa kuposa mmene amakukonderani inu.

Pampu yake ndi ya manja. Mumakoka pang'onopang'ono, mlomo wa pampu utafika pansi m'kati mwa tambula, osati kugwedeza ngati muli pa mjigo. Kuno kumpoto amafuna thovu lokhuthala pamwamba, pafupifupi chala chimodzi. Ku London ambiri salifuna lochuluka. Painti ndi 568ml, ndipo munthu akati muwonjezere pang'ono chifukwa thovu lachuluka, ali ndi ufulu, wonjezerani mosakwinya nkhope. Wofuna kulawa asanagule mumampatsa kadontho. Si kuba, ndi mwambo wa malo amenewa.

Chachinayi, kapena chachisanu, kaya. Ana. Zaka zogulira mowa ndi 18, koma malo ambiri amatsata Challenge 25: aliyense wooneka wosakwana 25 muzimufunsa chiphaso. Apolisi amatumiza dala achinyamata kudzayesa, ndipo chindapusa cha £90 chimagwera inu amene mwathira, osati bwana yekha. Kugulitsa kwa munthu amene waledzera kale ndi mlandunso. Kwathu timati bola ali ndi ndalama, kuno ayi.

Chimene chimandiwawabe ine mpaka lero ndi ma tip. Pa malo ena amene ndinagwirapo zaka zapitazo, sinditchula dzina, tinali ndi botolo pa kauntala limene makasitomala ankaponyamo ndalama. Mayi woyang'anira ankalitenga kupita nalo mu ofesi usiku uliwonse, ati adzagawa pa Khirisimasi. Khirisimasi inafika, anatipatsa kabokosi ka chokoleti aliyense. Munthu yemweyo ankatiitana "my love", ankafunsa za ana anga mayina ndi mayina, ndipo tsiku limene ndalama za mu till, makina olandirira ndalama, zinaperewera anandidula malipiro osandiuza, ine ndekha mwa anthu anayi amene tinagwira till imeneyo. Chifukwa chake mukudziwa. Lero zinthu zinasinthako: kuyambira 1 October 2024 lamulo likuti ma tip onse apite kwa ogwira ntchito, bwana asadulepo kanthu. Za till, sangakuduleni ngati sizinalembedwe mu kontrakiti kapena simunavomere polemba, ndipo ngakhale zitalembedwa sangapitirire 10 peresenti ya malipiro a nthawi imeneyo. Kontrakitiyo muiwerenge, musangosaina chifukwa akumwetulira.

Kasitomala akati "and one for yourself", ndiye kuti akukugulirani mowa inunso, koma sakukuuzani kuti mumwe pomwepo. Funsani anzanu mmene amachitira pa malopo. Kwina mumatenga kandalama kochepa, kwina amakulemberani painti yoti mudzamwe mukaweruka. Ndipo mowa wina wa craft umafika 8 kapena 10 peresenti, n'chifukwa chake amauthira m'katambula kakang'ono. Wophunzira amene ali ndi kalasi m'mawa ausiye.

Musanavomere shifiti yotseka, yang'anani nthawi ya tram kapena basi yomaliza. Belu la last orders, loti anthu agule komaliza, likalira si kuti mwaweruka: pali matambula, pansi, zimbudzi, migolo yopanda kanthu yotulutsa panja. Mukaiphonya basiyo, taxi idya malipiro a ola lathunthu kapena awiri, ndipo bwana sabweza pokhapokha munagwirizana kale.