Jekete ya 50N ndi ya 150N: chifukwa chake oyendera anakubwezani

Achimwene ena okhala ku Durban andilembera imelo. Akuti kwa zaka ziwiri akhala akupikisana nawo pa timaboti ta matanga mkati mwa doko, atavala jekete yoyandamitsa ya fomu, yonga siponji. Tsopano mwini boti lalikulu wawatenga kuti akakhale nawo pa mpikisano wotuluka kunja kwa doko, wogonera panyanja. Oyendera zipangizo ataona jeketeyo anaikana, chonsecho ili ndi chizindikiro cha ISO, bungwe la padziko lonse lokhazikitsa miyezo ya zipangizo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi si njira yongotidyera ndalama imeneyi? Jekete yanga imandiyandamitsa bwinobwino."

Achimwene, ndikumvetsa kuwawa kwake, chifukwa jekete yabwino si yotchipa. Koma oyenderawo sanalakwitse, ndipo ndikanakhala ine ndikanakubwezaninso.

Tembenuzani jekete yanuyo muwerenge kansalu kosokerera mkati. Ndikukhulupirira palembedwa ISO 12402-5 ndi nambala 50. Muyezo wa ISO 12402 uli ndi magawo: gawo 5 ndi la 50N, gawo 4 la 100N, gawo 3 la 150N, gawo 2 la 275N. Chilembo N chikuimira newton, mphamvu yokankhira munthu m'mwamba, ndipo 50N ndi ngati kunyamula makilogalamu 5 basi. Choncho jekete yanu ndi yovomerezeka ndithu, koma anaivomereza pa ntchito ina. Anaipangira munthu wodziwa kusambira, amene ali maso, pamadzi odekha pomwe boti lopulumutsa lili pafupi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pa boti lalikulu anthu ambiri sagwera m'madzi ali bwinobwino. Mtengo wopingasa wa thanga uja, umene amalinyero amautcha boom, ukatembenuka mwadzidzidzi umakumenyani m'mutu, mukugwa mutakomoka kale. Jekete ya 50N ikuyandamitsani, inde, koma chafufumimba, nkhope ili m'madzi. Ya 150N anaipanga kuti ikutembenuzeni chagada, pakamwa ndi mphuno zikhale pamwamba ngakhale inu simukudziwa chilichonse. Mkati mwa doko anzanu amakuvuulani pasanathe mphindi zingapo. Kunja kuja, usiku, mafunde a Indian Ocean akukwera, boti kuti litsitse matanga n'kubwerera pomwe munagwera pamapita nthawi yaitali.

Malamulo amenewa sanabwere chabe. Pa mpikisano wa Fastnet mu 1979 ananyamuka maboti 303, mkuntho unawapeza pakati pa England ndi Ireland, ndipo opikisana 15 anamwalira. Mu 1998, pa mpikisano wochoka ku Sydney kupita ku Hobart, ku Australia, mwa maboti 115 anafika ndi 44 okha, anthu 6 anataya moyo. Ngozi zoterezi ndi zimene zakhala zikukhwimitsa malamulo a World Sailing, bungwe loyang'anira mipikisano ya maboti a matanga padziko lonse, otchedwa Offshore Special Regulations, amene amagawa mipikisano ya kutali ndi gombe m'magulu, kuyambira 0 mpaka 4. Oyendera anu ankatsatira zimenezo. Amafuna jekete ya ISO 12402-3, yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, wenzulo, kanyali, ndi dzina la mwini wake kapena la boti. Lamba wa pakati pa miyendoyo ambiri amadana naye chifukwa amathina, koma popanda iye jekete ikafufuma ndi mpweya imakwera mpaka m'makutu, inu n'kutsala m'munsi.

Buku lina lofunika ndi Racing Rules of Sailing, limene amalikonzanso zaka zinayi zilizonse. Lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2025 mpaka 2028. Lamulo 1.2 limati wopikisana aliyense ali ndi udindo payekha wovala choyandamitsa choyenerana ndi mmene nyanja ilili. Lamulo 40 ndi la mbendera Y, ya mizere yopendekeka yofiira ndi yachikasu. Akaikweza panyanja ndi kulira kumodzi kwa lipenga mpikisano usanayambe, aliyense avale pa mpikisano umenewo. Akaikweza pamtunda, ndiye kuti tsiku lonselo mukakhala pamadzi muvale. Zovala zosambirira zija, wetsuit ndi drysuit, lamulolo limanena poyera kuti sizilowa m'malo mwa jekete.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu amene ali ndi jekete ya nambala yoyenera koma yakufa. Tsiku lina kwathu kunyanja, nyengo ya mwera mu Julayi, mnzanga anandibwereka jekete yofufuma ndi mpweya. Kunja inkaoneka yatsopano. Nditamasula zipi ndinapeza kabotolo ka mpweya kachita dzimbiri pakhosi, ndipo kanali kolekera moti ndinakazungulitsa ndi zala ziwiri. Ndikanagwa tsiku limenelo, ndikanakoka chingwe osamva kanthu. Mpaka lero sindivala jekete yobwereka ndisanaitsegule.

Ndiye mukapeza ya 150N yofufuma ndi mpweya, chitani izi. Ipopeni ndi pakamwa kudzera pa kapaipi kake, muisiye usiku wonse; ikaphwa pofika m'mawa, ikudontha. Masulani kabotolo, nthawi zambiri kamakhala ka magalamu 33 a mpweya wa CO2, mukayeze pa sikelo ya kukhitchini muyerekeze ndi kulemera kumene kwadindidwa pambali pake. Ngati ndi yofufuma yokha ikakhudza madzi, kachipangizo koiyambitsa kali ndi deti yothera ntchito, muione. Malamulo a Offshore aja amalamula woyang'anira boti kuyendera yekha jekete iliyonse kamodzi pachaka, koma khosi ndi lanu.

Musanatulutse ndalama, pemphani mwini boti akupatseni chikalata cholengeza mpikisanowo, chimene amachitcha Notice of Race. Mmenemo ndi momwe alemba gulu la mpikisano ndi zimene akufuna. Poti muli ku South Africa, funsaninso ngati jekete mukufuna kugulayo ikukwaniritsa za SAMSA, bungwe loona za chitetezo cha panyanja kumeneko, chifukwa malamulo a dziko amayendera limodzi ndi a mpikisano. Maboti ambiri aakulu amasunga majekete apadera a alendo, mwina simufunika kugula n'komwe ulendo woyambawu. Ya fomuyo musataye, ikugwirabe ntchito mkati mwa doko.