Miyendo yatuwa mbuu, nkhope ili noninoni: ndidzole chiyani?

FUNSO: Azakhali, nyengo ya masiku ano yandisokoneza. Kummawa kumazizira ndi mphepo, pofika masana dzuwa likuswa mtengo, mawa lake mitambo. Miyendo ndi manja zatuwa mbuu, milomo ikusweka, zikang'a zayamba, koma nkhope ikungotuluka mafuta ndi ziphuphu. Ndimasamba madzi otentha kwambiri kawiri pa tsiku, ndipo kumaso ndimasukusula ndi sopo pafupipafupi kuti mafutawo achoke. Mnzanga wandipatsa kirimu wa m'chubu, akuti amasalalitsa sabata imodzi isanathe. Ndiyambe kudzola?
Mtsikana wa zaka 24

YANKHO: Mwana wanga, chubucho chiike kaye pambali, tiyambe ndi kasambidwe kako, chifukwa vuto lalikulu lagona pamenepo.

Pamwamba pa khungu pali mafuta achilengedwe amene amatsekera madzi kuti asatuluke. Mphepo yozizira ndi youma imayamwa chinyontho pakhungupo. Tsono iwe ukathira madzi otentha ndi sopo waukali, ukuchotsanso mafuta ochepa omwe anatsala. Khungu la munthu lili ndi kaasidi pang'ono, pa muyeso wa pH limakhala pafupifupi pa 5, pomwe sopo wambiri wamtanda amafika pa 9 kapena 10 (pa muyesowu nambala ikamakwera, asidi amachepa). N'chifukwa chake ukatuluka m'bafa umamva khungu likukoka, kenako kuyabwa.

Samba madzi ofunda chabe, mphindi 5 mpaka 10 zakwana. Sopo upake m'khwapa, m'mphechepeche ndi kumapazi. Miyendo ndi mikono sizifuna thovu tsiku lililonse. Usadzikhule ndi mwala kapena chinkhupule cholimba. Popukuta uzingogunditsa thaulo, ndipo udzole khungu likadali lonyowa, mphindi zitatu zisanathe. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: amayamba kuvala, kukonza tsitsi, n'kudzadzola thupi litauma kale gwa. Vaseline sabweretsa madzi m'khungu, ntchito yake ndi kutsekera amene alipo. Gilisalini ndiye amakoka chinyontho, koma umusungunule ndi madzi pang'ono m'dzanja, pamwamba pake n'kupaka Vaseline. Zikang'azo uzipake mafuta ambiri usiku n'kugona utavala sokosi. Milomo usamainyambite, malovu akauma imasweka kuposa kale.

Nkhope ndi nkhani ina. Mafuta olemera amene akuthandiza miyendo angawonjezere ziphuphu kumaso kukatentha, ukamatuluka thukuta. Sukusula kawiri kokha, kummawa ndi madzulo, ndi sopo wofewa wopanda fungo lamphamvu, n'kudzola losheni wopepuka. Masana nkhope ikanyezimira, ingogunditsa kansalu koyera. Ziphuphuzo usazifinye, zimasiya zipsera zakuda zomwe zimatenga miyezi kuti zizimirire.

Mitambo isakupusitse. Cheza cha dzuwa chowononga khungu chimadutsa ndithu m'mitambo, ndipo ngakhale ife akhungu lakuda chimatidetsa zipsera ndi mawanga. Ngati ungathe, peza mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa apo, ndipo ukakhala panja uzibwereza pakatha maola awiri. Chipewa chakhonde ndi ambulera nazo n'zothandiza kwambiri.

Tsopano chubu chija. Werenga zomwe zalembedwapo. Ukaona mawu akuti clobetasol, betamethasone, hydroquinone kapena mercury, usadzole. Ngati sanalembe chilichonse, ndiye usayerekeze n'komwe. Awiri oyambawo ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid, amene dokotala amapereka pa matenda ena a pakhungu kwa nthawi yochepa. Masiku oyamba amasalalitsadi, n'chifukwa chake mnzakoyo akuwatama ndi mtima wonse. Koma ukapitiriza, khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimachuluka, ndipo tsiku lomwe udzasiye nkhope imatentha n'kubuka zidzolo. Hydroquinone ndi mankhwala oyeretsa khungu. Mercury, chitsulo chapoizoni, ndiye amafika powononga impso, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likuchenjeza za iyeyu. Zimandiwawa kuona atsikana akhungu labwinobwino akuliwononga chonchi pofuna kuchiza kutuwa kumene kukanatha ndi madzi ofunda ndi Vaseline.

Khungu limatenga pafupifupi milungu inayi kuti lisinthe lakunja, choncho usafulumire kugwa ulesi. Ikatha nthawi imeneyi usakuona kusintha, kapena kuyabwa kukukulepheretsa kugona, kapena ming'alu ikutuluka magazi kapena mafinya, pita kuchipatala, ndipo chubucho upite nacho akachione. Ngati uli ndi matenda a shuga, zikang'a usadikire nazo mwezi, pita sabata yomwe ino.