Yankho kwa Amalume a ku Chinamwali pa mawu atsopano a chibwenzi

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa bambo ena a ku Chinamwali, amene anapempha kuti ndisatchule dzina lawo koma ndingowatchula kuti Amalume. Mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa zaka 22, akuphunzira pa Yunivesite ya Malawi ku Chirunga ndipo akuchita lendi chipinda ku Chikanda. Kwa miyezi isanu ndi itatu anthu akhala akumuona ndi mnyamata mmodzimodzi yemweyo, ndiye Amalumewa anamufunsa ngati ayambe kukonzekera kulandira alendo. Iye anayankha kuti palibe chibwenzi, iwo ali mu situationship. Posachedwapa mnyamatayo wasiya kuyankha foni, ndipo mtsikanayo akungolira n'kumati wachitidwa ghost. Pocheza anatchulanso mnzake wina wa m'kalasi kuti ndi trans, n'kuwakonza amalume akewo kuti zimenezo n'zosiyana ndi gay. Funso lawo ndi lakuti mawu onsewa akutanthauza chiyani, nanga iwo monga mwini mbumba aime pati.

Amalume, ndikuthokozeni chifukwa mwafunsa musanakalipe. Ndiyambira pa zimene mukuzidziwa kale, chifukwa mawu atsopanowa amamveka bwino tikawaika pambali pa akale.

Kwathu kuno njira ya ku banja inali ndi masitepe, ndipo sitepe iliyonse inali ndi dzina komanso mboni yake. Mnyamata amafunsira, mtsikana amalola kapena kukana, ndipo akalola pamaperekedwa chikole. Nkhani imafika kwa alongo ndi kwa amalume, a kuchimuna amabwera kudzagogoda, kenaka pamakhala chinkhoswe pomwe mbali ziwiri zimasinthana tambala ndi msoti anthu akuona. Sindikunena kuti njira imeneyi inalibe zilema, pakuti atsikana ambiri anakankhidwira m'mabanja asanakhwime komanso osafunsidwa maganizo, n'chifukwa chake mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasapezeke wolowa m'banja asanakwanitse zaka 18. Komabe ubwino wake unali wakuti munthu amadziwa pomwe waima, ndipo zinthu zikavuta amadziwa khomo lokadandaula.

Mawu ambiri amene achinyamata akugwiritsa ntchito lero amatchula malo a pakati pa masitepe aja, pomwe palibe mboni ndipo palibe amene walonjeza kanthu. Talking stage ndi nthawi yomwe awiri akungocheza, makamaka pa WhatsApp, kufunsana za chakudya chamasana ndi kutsanzikana usiku, koma palibe amene wafunsira mnzake. Nthawi imeneyi payokha ilibe vuto, chifukwa n'kwanzeru kumudziwa munthu usanamulole. Vuto limayamba pamene ikana kutha.

Situationship ndi mawu awiri a Chingerezi olumikizidwa, lina lotanthauza mmene zinthu zilili, lina lotanthauza ubwenzi. Ndi pomwe anthu akuchita zonse zimene a pachibwenzi amachita, kudyera mbale imodzi, kuperekezana ku depoti, kutumizirana ndalama ya bando pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kawirikawiri ngakhale kugonana, koma akukana kuutcha ubale wawowo dzina. Pakamwa amati onse awiri ndi omasuka ndipo palibe womanga mnzake. Zimene ndaona kwa atsikana ndi anyamata amene ndacheza nawo kuno ku Zomba n'zakuti ufulu umenewu sugawidwa mofanana. Nthawi zambiri mmodzi amakhala akudikira mwakachetechete kuti tsiku lina dzina lija libwera, pomwe winayo akusangalala kuti akulandira zonse popanda udindo. Wodikirayo amaopa kufunsa kuti kodi tikupita kuti, poganiza kuti akafunsa aoneka wokakamira ndipo amuthawitsa mnzakeyo. Misozi ya mwana wanu ikusonyeza kuti iye ndiye anali wodikira, ngakhale pakamwa anakuuzani kuti palibe chibwenzi.

Pali mbali ziwiri za nkhaniyi zimene ndikufuna muzisunge. Yoyamba ndi ya umoyo. Achinyamata ali ndi liwu lina lakuti exclusive, kutanthauza kuti awiri agwirizana momveka kuti aliyense alibe wina wapambali. Mu situationship pangano limenelo kulibe, choncho aliyense akhoza kukhala ndi ena awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, ndipo tikudziwa kuti zibwenzi zolukanalukana chotere ndi njira imene kachilombo ka HIV kamayendamo mofulumira. Kuyezetsa magazi ndi makondomu zimapezeka mwaulere m'zipatala za boma. Kulinso mankhwala a PrEP omwe munthu wopanda kachilombo amamwa kuti adziteteze, ndi a PEP omwe ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 munthu akakhala kuti wagonana mosadziteteza kapena wagwiriridwa. Ngati mwambo sukulolani kukamba zimenezi ndi mwana wa mlongo wanu, tumani azakhali kapena mayi wina wamkulu amene iye amamasuka naye, koma zisalekedwe.

Yachiwiri ndi ya malamulo. Lamulo la maukwati la mu 2015 limazindikira ukwati wolowana, koma khoti limayang'ana zinthu zingapo lisanavomereze, kuphatikizapo kuti anthuwo akhala limodzi kwa zaka zosachepera zisanu. Miyezi isanu ndi itatu yoyenderana ku Chikanda si ukwati pamaso pa lamulo. Koma pakabadwa mwana, udindo womusamalira umagwera makolo onse awiri, kaya anakwatirana kaya ayi, ndipo khoti likhoza kulamula bambo kupereka chithandizo.

Tsopano za ghost. Liwuli limatanthauza mzukwa, ndipo ghosting ndi kuzimiririka pa moyo wa mnzako osatsanzika. Kuti mumvetse ululu wake, ganizirani mtsikana atakhala pa bedi usiku, foni ili m'manja, akuona kuti uthenga wake wafika chifukwa timizere tiwiri taoneka, koma yankho palibe. M'mawa akupeza kuti mnyamata yemweyo waika chithunzi pa status ali ku damu la Mulunguzi ndi anzake, akuseka. Sanadwale, foni sinabedwe, wangosankha kukhala chete. Munthu wosiyidwa chotere amayamba kudzifufuza yekha, kuwerenganso mauthenga akale kuti apeze pomwe analakwitsa, ndipo ena amalephera kudya ndi kuwerenga. Ngakhale pa chikamwini, banja likamatha ankhoswe amakhala pansi, mawu amanenedwa, munthu n'kusudzulidwa aliyense akudziwa. Ine ndimaona ghosting ngati mantha osanduka nkhanza, chifukwa mawu ochepa akuti sindikufuna kupitiriza akanamupatsa mnzakeyo mpata wolira n'kutha. Ndipatule chinthu chimodzi: munthu amene wadula kulumikizana ndi womumenya kapena womuopseza sanalakwe, wadziteteza.

Mawu ena mudzawamva ndipo sachedwa kumveka. Red flag ndi chizindikiro chochenjeza, monga mnyamata wofuna kudziwa nambala yachinsinsi ya foni ya mtsikana kapena womuletsa kucheza ndi abale ake. Blesser ndi chidyamakanda yemwe uja wavala dzina lofewa, ndipo MG2 ndi liwu lathu lomwe, lobwerekedwa ku manambala a galimoto za boma, lonena mkazi wachibwenzi wa bambo wapabanja. Catfishing ndi kunamiza munthu pa Facebook kapena pa Tinder ndi chithunzi ndi dzina la wina, kawirikawiri pofuna kumudyera ndalama. Gaslighting ndi kumupotoza mnzako mutu pokana zinthu zimene zinachitikadi mpaka iye ayambe kukayikira nzeru zake.

Liwu limene ndikufuna lisakudutseni ndi consent, lomwe ndi kuvomera kochokera pansi pa mtima. Tanthauzo lake n'lakuti kugonana kumafuna kuti onse awiri afune pa nthawi imeneyo, popanda kuopsezedwa, kuledzeretsedwa kapena kukumbutsidwa za ndalama ya lendi. Kuvomera dzulo si kuvomera lero, ndipo kulowa m'chipinda cha munthu si kuvomera. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mkazi akati ayi ndiye kuti akufuna kunyengereredwa, ndipo chiphunzitso chimenecho chavulaza ana ambiri. Pa mawu onse atsopano, ili ndi limene ndikanakonda kuti lifike kusimba ndi kudambwe. Dziwaninso kuti lamulo la mu 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo lamulo la mu 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa makina, choncho mnyamata amene angaopseze kufalitsa zithunzi zachinsinsi za mtsikana akhoza kukadandauliridwa ku polisi.

Ndifike pa funso lanu lomaliza, lomwe ndi lolemera. Mwana wanu ananena zoona kuti gay ndi trans n'zosiyana. Pali mafunso atatu amene timawaphatikiza pomwe ndi osiyana: thupi limene munthu anabadwa nalo, anthu amene mtima wake umakopeka nawo, ndi mmene iye amadzidziwira mkati mwake kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Gay ndi mwamuna wokopeka ndi amuna anzake, lesbian ndi mkazi wokopeka ndi akazi anzake, bisexual ndi wokopeka ndi mbali zonse ziwiri, ndipo asexual ndi amene sakhala ndi chilakolako chogonana kapena amakhala nacho chochepa kwambiri. Onsewa akuyankha funso lachiwiri. Transgender, mwachidule trans, akuyankha funso lachitatu: ndi munthu amene anabadwa ndi thupi lachimuna koma amadzidziwa kuti ndi mkazi, kapena anabadwa ndi lachikazi koma amadzidziwa kuti ndi mwamuna. Intersex ndi za funso loyamba, munthu wobadwa ndi ziwalo kapena mapangidwe a thupi osagwera mbali imodzi momveka, zimene azamba akhala akuziona kuyambira kale. Zilembo za LGBTI zimangosonkhanitsa mawu amenewa. Musasokonezenso ndi jenda imene timaimva pa misonkhano ya chitukuko, yomwe imakamba za ntchito ndi maudindo amene mtundu umagawira amuna ndi akazi.

Chitsanzo chili m'mbiri yathu yomwe. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anamangidwa atachita chinkhoswe ku Blantyre, mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Ambiri tinaimva ngati nkhani ya amuna awiri, koma Tiwonge ankadzitchula ndi kuvala ngati mkazi, ndipo pa mawu a lero ndiye amene amatchedwa trans.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukopeka ndi amuna kapena akazi anzako pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo mu 2019 linachotsanso kukhala trans pa gulu la matenda a ubongo. Malamulo a Malawi ali pena: ndime 153 ya malamulo a milandu, yomwe imagwiritsidwa ntchito poletsa kugonana kwa amuna okhaokha, imapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, lamulo la maukwati la mu 2015 limavomereza ukwati wa mwamuna ndi mkazi okha potengera mmene munthu anabadwira, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti ndime zoletsazo zikhalebe. Mipingo ndi mizikiti yambiri imatsutsa poyera, monga tinaonera pa zionetsero za atsogoleri a zipembedzo mu Julayi 2023. Sindikulemba kuti ndisinthe chikhulupiriro chanu, ndipo kudziwa tanthauzo la liwu si kuvomereza. Chimene ndikupempha n'chakuti nkhani ya mnzake wa mwana wanu ithere m'makutu mwanu. Achinyamata amati outing ponena kuulula za munthu wotere iye asanalole, ndipo m'tauni yaing'ono ngati Zomba, pomwe nkhani ya ku Chikanda imafika ku Matawale dzuwa lisanalowe, kuulula kotere kukhoza kumuthamangitsitsa pa lendi kapena kumumenyetsa. Palibe lamulo lopatsa munthu mphamvu yomenya mnzake, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko imateteza ulemu wa munthu aliyense. Ameneyonso ndi mwana wa mlongo wa winawake. N'chifukwa chake ine sindigwiritsa ntchito mawu otukwana amene timawamva m'minibasi ponena za anthu amenewa.

Za poima panu, Amalume, musaitanitse bwalo la abale, chifukwa mtsikanayo ali kale ndi manyazi oti anakuuzani kuti palibe chibwenzi pomwe mtima wake unali utapita. Mutengeni nokha Loweruka masana, mukakhale pansi pa mitengo ya ku Botanical Gardens, ndipo musayambe ndi za mnyamatayo koma mumufunse ngati akudya, ngati akugona, ndi ngati akulowa m'kalasi. Mumuuze kuti kufuna kudziwa pomwe waima si kukakamira, ndipo anali ndi ufulu wofunsa funso limenelo kuyambira mwezi woyamba. Anyamata ozimiririka chotere kawirikawiri amatulukiranso pakapita milungu ingapo ndi kauthenga kamoni ngati palibe chinachitika. Zikatero musamuletse kuyankha, koma mumulimbikitse kuti amufunse momveka chimene akufuna, ndipo ngati mnyamatayo anena kuti akufuna zenizeni, atchule dzina la amalume ake ndi mudzi umene akukhala kuti inu mudziwe amene mudzalankhule naye.