Za tcheni cha Hilux yanu ija, achimwene

Achimwene, mwafunsa za Hilux yanu ya injini ya 22R yomwe yayenda makilomita 280,000, kuti poti ikumachita gwedegwede mukangoiliza m'mawa, musinthe tcheni cha m'kati mwa injini, chimene chimayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni, panopa kapena mudikire mukabwere kumudzi mu Disembala. Ine ndikuti sinthani musananyamuke. Inenso ndili ndi pikapu ya injini yomweyo, ndimatengera tomato ku Mutoko kudzagulitsa kumsika wa Mbare Musika kuno ku Harare, ndiye phokoso limenelo ndimalidziwa.

Ena pano akuyankha kuti pamakilomita 100,000 aliwonse muzisintha. Imeneyo ndi nkhani ya lamba amene amagwira ntchito ya tcheni m'mainjini ena, monga wa Hilux ya dizilo ya 3L. Lamba sachenjeza, amangoduka, n'chifukwa chake amamuwerengera makilomita. Tcheni chimasinthidwa chikayamba kuonetsa zizindikiro, ndipo chanu chayamba kale.

Kawirikawiri chimene chimayamba kutha pa 22R si tcheni chenichenicho ayi, koma timagaidi tapulasitiki timene timachigwira m'mbali, komanso tenshona imene imachikunga. Tenshonayo imakankhidwa ndi mphamvu ya oyilo. Galimoto ikagona usiku oyilo amatsikira m'sampu, ndiye mukailiza kumazizira a Juni ndi Julayi kuno ku Harare, kaphokoso ka sekondi imodzi kapena ziwiri sikodetsa nkhawa kwenikweni. Koma phokoso likamatalika, kapena likamamvekabe injini itatentha, makamaka mukachotsa phazi pamoto, dziwani kuti pulasitiki yathyoka ndipo tcheni chikukhula chitsulo.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kuseri kwa kavala yakutsogolo ya injini imeneyi kumadutsa madzi a rediyeta. Tcheni chikalephuka chimapala kavalayo pang'onopang'ono, poti ndi ya aluminiyamu, mpaka kuboola. Madzi amalowa mu oyilo. Zinandichitikira ine. Ndinamva phokoso kwa miyezi ndithu ndikumati ndikonza ntchito ikachepa. Tsiku lina nditatsitsa mabokosi a tomato ndinasolola dipisitiki, oyilo ali mbuu ngati tiyi wamkaka. Makaniko atatsegula anandionetsa mizere iwiri yonyezimira m'kati mwa kavala, yakuya moti chikhadabo chimakodwa, ndipo m'sampu anatolamo tizidutswa tapulasitiki takuda todzaza dzanja, tina titamatirira pasefa yokokera oyilo. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa ntchito ya tsiku limodzi inasanduka yogula kavala ina ndi kusintha mabering'i. Ndipo tcheni chikadumpha mano kapena kuduka muli paliwiro, mapisitoni atha kupinda mavavu.

Kuona ngati zafika pati sikudula. Makaniko achotse kavala yapamwamba pa injini, aunike ndi tochi kunsi motsatira tcheni. Gaidi yothyoka imaoneka, mizere yopalika pakavala imaonekanso. Mufunseninso mwini wake wakale ngati hedi (chigawo chapamwamba cha injini) inapalidwapo, chifukwa hedi yopalidwa imatsika pang'ono ndipo tcheni chimalephuka msanga.

Pogula, gulani zonse pamodzi: tcheni, masiproketi onse awiri, tenshona, magaidi, silu yakutsogolo ndi magasiketi. Tcheni chatsopano pamano akutha sichikhalitsa. M'mashopu a mu Kaguvi Street mupeza mitengo yosiyanasiyana, koma chonde musathamangire yotsikitsitsa. Ine ndinagulapo tenshona yotchipa kwa wogulitsa wina, isanathe chaka phokoso linabwerera, ndinalipira makaniko kawiri. Mukapeza magaidi okhala ndi chitsulo kumbuyo, tengani amenewo. Zakale zochotsa m'galimoto zina, monga zimene zimapezeka kumsika wa Magaba ku Mbare, zimathandiza pa kavala kapena mabawuti, koma tcheni ndi tenshona zikhale zatsopano.

Muumirire kuti atsitse sampu n'kutsuka, ngakhale makaniko anene kuti n'kutaya nthawi. Mumukumbutsenso za bawuti imodzi imene imatsika kuchokera muhedi kukagwira kavala yakutsogolo. Imabisala m'kadziwe ka oyilo pansi pa siproketi yapamwamba, ndipo amene sakuidziwa amakanula kavala mokakamiza n'kuiswa.

Mukatha, oyilo muzisintha pamakilomita 5,000 aliwonse pamodzi ndi fyuluta yabwino, poti oyilo wakuda ndi amene amatseka kabowo ka tenshona.

Ulendo wanuwo ganizirani bwino. Kuchoka kuno kudzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, galimoto italemedwa ndi ana ndi katundu wa Khirisimasi, ku Tete kukutentha kwambiri, kenako zitunda zokwera ku Zobue. Konzetsani mu Novembala, muyendeyende nayo masabata awiri m'tauni muno kuti ngati pali podontha oyilo paonekere muli pafupi ndi makaniko wanu. Ngati mungathe, mawa m'mawa jambulani phokosolo pafoni injini isanatenthe, bonati ili yotsegula, mutitumizire pano timve nawo.