Akudzandira ngati amwa, koma akulumbira kuti sanalawe

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Kwathu ndi ku Dedza, kuno tinabwera kudzasaka ndalama. Bambo a kunyumba amayendetsa Sienta ya eni ake pamsewu wa Nkhata Bay. Kale ankamwa kwambiri, koma patha zaka 6 chisiyireni, ndipo pano ali ndi udindo kutchalitchi.

Chiyambire mwezi wa Meyi, masiku ena akumafika pakhomo akudzandira, lilime litalemera. Lachinayi lapitali analephera ngakhale kulowetsa kiyi pachitseko, malaya atanyowa ndi thukuta chonsecho kunja kukuzizira mmene kumachitira kuno. Anakalipira mwana wathu wamng'ono popanda chifukwa. Nditawapatsa tiyi ndi nsima, pasanapite nthawi anabwerera mwakale, ndipo zomwe anachitazo sakuzikumbukira bwino.

Ndikawafunsa amakanitsitsa, mpaka kugwira Baibulo. Fungo sindilimva bwinobwino chifukwa amakonda kutafuna chingamu. Sabata yatha ndinapeza kabotolo ka mowa kopanda kanthu pansi pa mpando wa galimoto, iwo akuti anasiya ndi pasenja. Chaka chatha anawapeza ndi matenda a shuga ndipo amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Alamu anga akuti ndikuwasemera chinyau achimwene awo, pomwe amayi anga akuti ndilongedze ndibwerere kumudzi. Ndakhala ndikulira usiku. Nditani ine?

Mayi wa ku Chibavi

Mwana wanga,

Pepani kwambiri. Mkazi amene anakhalapo ndi mwamuna chidakwa saiwala mayendedwe aja, choncho sindikudabwa kuti mutangoona kudzandirako mtima wanu unathamangira ku mowa. Koma kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo zomwe zandigwira mtima ndi thukuta lija m'nyengo yozizira, mapiritsi a shuga, komanso kutsitsimuka kwawo atangomwa tiyi. Woledzera sachira ndi kapu ya tiyi. Mowa umachoka m'thupi pang'onopang'ono chiwindi chikamausefa, ndipo zimatenga maola angapo. Amene amatsitsimuka pakangotha mphindi 15 kapena 20 atamwa chotsekemera nthawi zambiri amakhala munthu amene shuga wamutsikira m'magazi.

Ubongo wa munthu umayendera shuga. Akachepa, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amapsa mtima msanga, mawu amakokeka, miyendo imagwedera, ndipo pambuyo pake sakumbukira. Woona ali patali amangoti uyu wakhuta kachasu. Mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, amatsitsa shugayo kaya munthu wadya kaya sanadye, pomwe metformin payekha sachitachita zimenezi. Ndiye taganizirani dalaivala amene wameza piritsi mbandakucha, n'kuswera tsiku lonse akulimbirana mapasenja pasiteji, kutsetsereka ndi kukwera mapiri aja makilomita pafupifupi 50 ulendo umodzi, m'mimba muli nthochi imodzi yokha. Pofika madzulo thupi limakhala latheratu.

Sindikunena kuti amuna anu sanamwe ayi. Kabotolo kaja sindikukaponya kuseri. Chiletsereni masacheti m'chaka cha 2015, mowa waukali uja unangosamukira m'timabotolo ting'onoting'ono tomwe munthu amagugudiza kawiri kuseri kwa galimoto n'kuponya chingamu m'kamwa. Ndipo mwamuna amene anaimirira pamaso pa mpingo kunena kuti wasiya, akaterereka, manyazi amamumanga pakamwa kotero kuti angathe kulumbira pa Baibulo misozi ili m'maso. Zimathekanso kuti zonse ziwiri zikuchitikira pamodzi, ndipo apa ndi pomwe pali ngozi yaikulu. Munthu akapanda kudya, chiwindi ndi chimene chimatulutsa shuga wosungidwa kuti thupi liziyendabe. Mowa umachilepheretsa kugwira ntchito imeneyi. Wodwala shuga amene ali pa mapiritsi, akamwa ngakhale pang'ono m'mimba muli pululu, akhoza kukomoka.

Choncho lekani kaye funso lija loti "mwamwa?", makamaka usiku ali m'menemo. Mwalifunsa miyezi ingapo ndipo lakubweretserani malumbiro ndi misozi basi. Yankho lake lili m'magazi mwawo, ndipo likhoza kuyezedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani m'mawa atadya, ana atapita kusukulu, muwauze zomwe maso anu anaona popanda kutchula mowa: "Bambo a ana, Lachinayi munalephera kutsegula chitseko, thukuta lili yoyoyo. Ine ndikuopa kuti ndidzakutayani. Tiyeni tikaonane ndi adokotala aja." Munthu amene sakumwa amavomera mosavuta, chifukwa iyenso zimamuopsa. Akakana kwamtuwagalu, kukanako kukuuzaninso kanthu.

Ngati thumba lilola, gulani kamakina koyezera shuga ku famase za m'tauni, ndipo akuphunzitseni kabayidwe kake pachala. Tsiku lomwe adzafike akudzandira, yezani nthawi yomweyo. Kakaonetsa nambala yochepera 70, kapena yochepera 3.9 pa makina owerenga mwa mtundu winawo, shuga watsika. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga m'kapu ya madzi, kapena apatseni theka la botolo la Fanta, kenaka adye chakudya chenicheni. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, nthawi, zomwe anadya ndi nambala yomwe yatuluka. Muthanso kuwajambula pafoni kuti m'mawa adzione okha ndi kuti adokotala aone, koma kanemayo asapite pa gulu la WhatsApp la kubanja. Mukawachititsa manyazi pagulu, khomo lokambirana litsekeka.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikukupemphani ndi mtima wanga wonse. Musadzanene kuti "asiyeni agone, mowa ukatha adzuka." Akadzapezeka kuti sakudzuka mukamawagwedeza, musawathire kanthu m'kamwa chifukwa angatsamwe. Agonekeni chammbali, pezani galimoto, thamangirani ku Mzuzu Central Hospital ku Luwinga, kaya ndi pakati pa usiku. Chimodzimodzi mukadzaona kamwa lapotokera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wambali imodzi wafooka, kapena mawu asokonekera mwadzidzidzi. Zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko, ndipo odwala shuga ndi BP ndiwo imawakonda.

Kuchipatalako mukanenenso ngati anagwapo kapena kumenyetsa mutu posachedwa, chifukwa magazi akamadontha pang'onopang'ono mkati mwa mutu munthu amatha kumaoneka woledzera patadutsa masabata. Mukatchule mankhwala ena alionse omwe akumwa. Phenobarbitone wa khunyu, efavirenz wa m'ma ARV ena, ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, onsewa amatha kuchititsa chizungulire ndi tulo. Chiwindi chikaonongeka, ngati ankamwa kwambiri kale, chimasokonezanso mutu. Mwina wina akuuzani za matenda omwe m'matumbo mwa munthu mumafulula mokha mowa kuchokera ku chakudya. Alipodi, koma ndi osowa kwambiri, ndipo si poyambira.

Tsopano nkhani yovuta, ya chiwongolero. Kaya ndi mowa kaya ndi shuga, munthu amene akulephera kulowetsa kiyi pachitseko ndi yemweyo amene ola limodzi m'mbuyomo anali atanyamula ana a eni ake m'makona a msewu wa Nkhata Bay. Ndikudziwa kuti Sienta ikaima, ndiwo pakhomo zivuta, lendi ikudikira, mwini galimoto akufuna ndalama yake ya tsiku. Komabe asagwire chiwongolero kufikira atayezedwa ndipo adokotala ataona ngati mapiritsi aja akufunika kusintha. Apeze mnzake womugwirizira masiku ochepa. Akakana, apa ndiye poitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo muwafotokozere kuti mwawaitanira za moyo wa mbale wawo, osati mlandu wa mowa. Alamu anuwo musakangane nawo. Apempheni adzakuperekezeni kuchipatala, akamve okha ndi makutu awo.

Zikadzapezeka kuti ayambiranso kumwa, musadzione ngati mwalephera banja. Anthu ambiri amene anasiya amatererekapo n'kudzukanso, ndipo zaka 6 zija sizinapite m'madzi. Muli ndi mwayi kuti muno mu Mzuzu muli a St John of God, omwe amathandiza anthu ovutika ndi mowa, mankhwala ozunguza bongo komanso matenda a maganizo, ndipo amalangizanso a pabanja pa wodwalayo. Ngati akhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, asasiye okha mwadzidzidzi kunyumba, chifukwa ena amanjenjemera, kugwa ngati akhunyu, kapena kuona zinthu zomwe palibe pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu. Kusiya kotero kumafuna diso la achipatala. Inu mbali yanu ndi kusawabisira: osawanamira kwa abwana awo, osawabwezera ngongole za mowa, ndipo ndalama ya fizi ndi chakudya izikhala m'manja mwanu.

Za kulongedza zomwe akunena amayi anu, ine ndikuti musafulumire, poti simunadziwe chomwe chikuwadya amuna anu. Koma akadzakweza dzanja pa inu kapena pa ana, chokani usiku womwewo, mukagone kwa anansi, m'mawa mukanene ku Victim Support Unit ya apolisi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la chaka cha 2006 limakutetezani, ndipo matenda kapena mowa si chifukwa choti mumenyedwere. Mwana uja anakalipiridwa mukhale naye pansi, mumuuze kuti sanalakwe kanthu ndipo adadi sakupeza bwino m'thupi. Ana amasunga zinthu zotere mumtima nthawi yaitali.

Lolemba likubwerali tengani buku lawo la kuchipatala, mapiritsi onse m'mapaketi ake ndi kope lija, mupite nawo limodzi kumene amalandirira mankhwala a shuga, ndipo mulowe nawo m'chipinda cha adokotala kuti mukafotokoze nokha za Lachinayi lija. Podikira tsikulo, asameze piritsi n'kutuluka m'nyumba osadya, ndipo muziwaikira masiwiti angapo m'thumba la malaya. Mundilemberenso mukabwerako.

Azakhali