Bambo akufuna kuphunzitsa mwana kuwombera mfuti

FUNSO: Ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala kufupi ndi paki ya Kasungu. Amuna anga ali ndi mfuti yachilolezo yotetezera ng'ombe ndi fodya wathu kwa akuba. Tsopano akufuna kuphunzitsa mwana wathu wachisamba, wa zaka 15, kuwombera, ati kuti iwo akapita kukagulitsa fodya ku Chinkhoma, pakhomo pazitsala mwamuna. Ine ndakana, atsibweni ake a mwanayo akananso, koma bambo ake akuti tikumusandutsa wamantha. Nditani?
Mayi wodandaula, Kasungu

YANKHO: Amayi, musagonje pa nkhani imeneyi, ngakhale kuti nkhawa ya amuna anu ndi yomveka, pakuti amene anaberedwapo mabelo a fodya atavutikira chaka chonse sagona tulo.

Chilolezo chimene apolisi anapereka ndi cha amuna anuwo, chili m'dzina lawo, ndipo sichifikira mwana kapena wachibale aliyense. Komanso kuyambira mu 2017, malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Tsono taganizirani mnyamatayo ali yekha pakati pa usiku, agalu akuuwa kukhola, mtima ukugunda, chala chili pa mfuti; amene akusuntha mumdimamo akhoza kukhala wakuba, koma akhozanso kukhala mng'ono wake amene watuluka kukataya madzi. Kuloza chitini masana amaphunzira sabata imodzi, koma kudziletsa pa nthawi ya mantha ngakhale akuluakulu kumawavuta.

Palinso vuto la kumene mukukhalako. Chibwerere njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, alimi oyandikana ndi paki akhala akudandaula za kuonongeka kwa mbewu, ndipo mnyamata wodziwa mfuti sangachedwe kuyesedwa kapena kukopedwa ndi opha nyama mozemba. Milandu ina ya nyama zakutchire chilango chake chimafika zaka 30 kundende.

Musakanganirane pamaso pa mwanayo. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo atsibweni akewo alankhule mwaulemu kuti bambo asaone ngati akulandidwa udindo. Pemphani kuti mfutiyo izikhomeredwa, zipolopolo zizisungidwa pena, ndipo mwanayo auzidwe mosapita m'mbali kuti asaikhudze. Amuna anu akamachoka, azidziwitsa achitetezo cha m'mudzi kapena kupeza mlonda wamkulu. Ngati mnyamatayo ali ndi mtima wa usilikali, alimbikire sukulu kuti akadzakula adzayese mwayi wokaphunzira ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, kumene mfuti amaiphunzitsa pamodzi ndi mwambo wake.